KUKWERA PHIRI TSIKU LIMODZI: PHUNZIRO LA KULIMBITSA THUPI

1. Cifukwa cace ca phunziro ili

Makolo a anthu a dziko lino sanasowe wowakumbutsa za kuyenda. Wofuna mcere kapena nsaru anali kupita pansi kufikira ku Boma, ndipo anyamata ofuna nchito anayenda masabata ambiri kumka ku Harare ndi ku migodi. Lero njinga zamoto zifika m'midzi yambiri, cigayo calanda nchito ya mtondo, ndipo aphunzitsi, alembi, a m'masitolo ndi oyendetsa magalimoto aswera pampando. Mliminso, amene agwira khasu kuyambira November kufikira masika, kawiri kawiri akatha kututa akhala miyezi inai wosaturuka thukuta.

Thupi losagwira nchito liitana nthenda. Mu 2017 a Unduna wa za Umoyo m'Zambia, pamodzi ndi bungwe la World Health Organization, anapima anthu akuru m'zigawo zonse za dziko, napeza kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu ali ndi nthenda ya kuthamanga kwa mwazi, imene ambiri aicha BP. Nthenda iyi kawiri kawiri siwawa, koma ndiyo ifetsa ziwalo ndi kulefula mtima, nisiya ana amasiye ndi minda yopanda woilima. Bungwe lomwelo mu 2020 linalangiza kuti munthu wamkuru ali yense acite nchito yofulumizitsa mtima mphindi 150 kufikira 300 pa sabata.

Kukwera phiri ndiyo njira imodzi yokwaniritsira langizo limeneli popanda kulipira kanthu. Koma phiri lilimbitsa iye yekha amene alikwera ndi muyeso, nabwereza sabata ndi sabata. Wolikwera ndi liwiro ndi liuma limbvulaza, ndipo nthawi zina limupha.

2. Cimene cicitika m'thupi pokwera

Kuyenda pacidikha ndi kukwera phiri ziri nchito ziwiri zosiyana. Pacidikha miyendo ingokankhira thupi kutsogolo, koma paphiri iyenera kulinyamula. Munthu wolemera makilogalamu 60 akakwera mamita 1,000, wacita nchito yolingana ndi kukweza matumba a cimanga 1,200, a makilogalamu 50 liri lonse, pangolo yotalika mita imodzi. Palibe mwamuna amene angabvomere ganyu wotere. Komatu mai wa thanzi akhoza kutsiriza nchito imeneyi dzuwa lisanafike paliwombo, popeza phiri liigawa m'mapazi ang'ono ang'ono zikwi zambiri.

Munthu ali cikhalire, mtima wace ugunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi imodzi, nutumiza mwazi wokwana ngati malita 5. Pokwera, minofu ya m'nchafu ndi ya m'akatumba ifuna mpweya wocuruka, umene mwazi uutenga kumapapo, ndipo mtima utumiza mwazi woposa pamenepo katatu kapena kanai. Ndico cifukwa cace wokwera apuma wefuwefu.

Nchito iyi ikabwerezedwa, thupi lisintha m'njira zinai. Mtima ukhala wamphamvu, nutumiza mwazi wambiri pa kugunda kumodzi, kotero kuti popumula ugunda pang'ono kusiyana ndi kale. Timitsempha ting'onoting'ono ticuruka m'minofu, ndipo mpweya ufikamo msanga. Minofu izolowera kutenga shuga m'mwazi, cimene cichinjiriza munthu ku matenda a shuga. Ndipo kuthamanga kwa mwazi kutsika pang'ono, mafupa a m'miyendo ndi a m'ciuno nalimba.

Kusintha kumeneku sikucitika paphiri pomwepo, koma m'masiku otsatira, pamene munthu adya bwino ndi kugona mokwanira. Sikuoneka msanga ai. Kufuna masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. Woleka kukwera kwa masabata owerengeka ayambanso kutaya cimene anapindula. Cifukwa cace tsiku lalikuru la paphiri lingoyesa mphamvu imene munthu anaikundika kale m'masiku ang'ono ang'ono.

3. Njira ya citsanzo: kucokera ku Likhubula kumka ku Chambe

Kuti malangizo amveke bwino, nkwabwino kutenga njira imodzi yodziwika kutalika kwace, ndipo zophunziridwa pa iyo zidzathandiza pa phiri liri lonse. Phiri la Mulanje liri kumwera kwa Malawi, makilomita ngati 65 kum'mawa kwa Blantyre. Nsonga yace, Sapitwa, ifika mamita 3,002, ndipo palibe phiri lina m'Malawi kapena m'Zambia lolingana nalo. Ndiko kwao kwa mtengo wa mkungudza wa ku Mulanje, umene watsala pang'ono kutha cifukwa ca oceka matabwa mobisa ndi moto wa kuthengo. Mu 2025 bungwe la UNESCO linalemba phirili m'kaundula wa malo oyenera kusungidwa ndi dziko lonse lapansi.

Kumadzulo kwa phirili kuli Likhubula, kumene kuli ofesi ya a za nkhalango, ndi kumene alendo apeza owatsogolera ndi owanyamulira katundu. Kucokera pamenepo njira zikwera kumka ku cidikha ca pamwamba cochedwa Chambe, pamene pali nyumba yogona alendo. Utali wa ulendowu ndiwo makilomita ngati 7, ndipo kukwera kwace ndiko mamita ngati 1,000. Njira ziripo ziwiri. Ya Skyline ilunjika kumwamba, ndipo dzina lace licokera ku cingwe ca waya cimene kale cinali kutsitsa matabwa. Ya Chapaluka itsata mtsinje, nipitirira pafupi ndi mathithi a Dziwe la Nkhalamba. Dziwe limeneli nlakuya ndi lozizira, ndipo wosadziwa kusambira asalowemo.

Pamwamba pa cidikhaco paimirira nsonga ya Chambe, ya mamita 2,557, ya matanthwe ocititsa cizungulire. Nsonga imeneyo si ya wofuna kungolimbitsa thupi. Kufika pa nyumba ya alendo ndi kubwerera tsiku lomwelo ndiyo nchito yokwanira.

4. Kuwerengera nthawi asananyamuke

Mu 1892 William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland, analemba lamulo limene okwera mapiri alitsatabe. Lamulolo liti munthu awerengere ora limodzi pa makilomita 5 ali onse a utali, naonjezepo ora lina pa mamita 600 ali onse a cikweza.

Pa njira ya ku Chambe masamu ace ali otere. Makilomita 7 afuna ora limodzi ndi mphindi 24. Mamita 1,000 a cikweza afuna ora limodzi ndi mphindi 40. Pamodzi akwana maora 3 ndi mphindi zowerengeka. Koma Naismith anawerengera munthu wozolowera, wosaima, woyenda panjira yabwino. Wosazolowera aonjezepo ora lina la kupumula, ndipo gulu la anthu liwerengere liwiro la iye amene atsalira m'mbuyo.

Tsono onyamuka 6 koloko m'mamawa adzafika pamwamba monga 10 koloko. Akapumula ndi kudya ora limodzi, natsika maora atatu, adzakhala ali m'munsi pofika 2 koloko. M'mwezi wa June dzuwa likhala litalowa kale ku Mulanje pofika 5.30, kotero kuti awa atsala ndi maora atatu a kuwala, amene adzafunika ngati wina wabinya phazi kapena njira yasokonekera. Onyamuka 10 koloko alibe maora amenewo, ndipo bvuto laling'ono liwagonetsa kuthengo.

Asanacoke m'munsi, onse apangane ora lobwerera. Pa njira iyi likhale 12 koloko. Ora limenelo likakwana, gulu litembenuke pamene pali ponse lafika, ngakhale denga la nyumba ya alendo lioneke patsogolo. Pangano ili liyenera kucitika m'mamawa mitu ikali bwino, pakuti munthu wotopa woona nsonga pafupi saweruza molungama.

5. Kamba ndi kayendedwe

Thukuta licotsa madzi okwana theka la lita kapena lita yonse pa ora limodzi. Munthu ali yense anyamule malita awiri, ndipo amwe pang'ono pang'ono asanamve ludzu lalikuru. Madzi a mumtsinje wa pafupi ndi midzi ayambe awiritsidwa kapena kuthiridwa klorini. Mkodzo wocepa ndi wofiirira ndiwo cizindikiro cakuti madzi acepa m'thupi. Mowa usakhale pa ulendo wotere, popeza usokoneza mapazi ndi nzeru.

Asananyamuke adye phala kapena mbatata. Kamba wabwino ndiye mbatata yophika, nthoci, nsawa zokazinga zothira mcere, cimanga cokazinga ndi thobwa. Kudya pang'ono ora liri lonse kuposa kudikira njala, pakuti wanjala miyendo imnjenjemera. M'thumba mukhalenso juzi, cobvala cochinga mvula kapena pepala lalikuru la pulasitiki, cipewa, toci, ndi foni yodzaza moto, ngakhale m'zigwa zina foni sigwira. Nsapato zikhale zozolowereka ndi za mapazi osaterereka. Nsapato zatsopano zibala matuza, ndipo mapatapata abvuka pamwala wonyowa. Ndodo yofika m'cifuwa ithandiza kwambiri, makamaka potsika.

Theka la ora loyamba liyendedwe pang'ono pang'ono, kufikira thupi litafunda. Pacikweza mapazi akhale afupi, ndipo phazi lonse liponde pansi. Muyeso wa liwiro ndi uwu: munthu akhale wokhoza kulankhula, koma wosakhoza kuimba. Mtsogoleri aziceuka ndi kufunsa kuti, "Amai, muli bwanji kumbuyoko?" Akayankha mau onse bwino, liwiro liri bwino. Akayankha liu limodzi limodzi pakati pa befu, gulu lonse licepetse. Kupumula kukhale kwa mphindi zisanu kapena khumi pa ora liri lonse. Kukhalitsa pansi kuziziritsa miyendo. Wofooka ayende waciwiri kwa mtsogoleri, ndipo wamphamvu mmodzi atsekere m'mbuyo. Akuru anati kuthamanga sikufika, ndipo paphiri mau amenewa atsimikizika ora loyamba lisanathe: anyamata othamangira patsogolo apezedwa atakhala pamwala, nkhalamba yoyenda mofatsa niwapitirira.

6. Nkhungu ndi cisanu

Munthu akakwera mamita 1,000 mpweya uzizira ndi madigiri ngati 6, ndipo mphepo ya pamwamba iomba kolimba kuposa ya m'munsi. Pa zidikha za Mulanje madzi aundana usiku wina m'miyezi ya June ndi July. Nyengo yomweyo kufika ciperoni, mvula yowaza ya nkhungu yocokera kumwera ca kum'mawa, imene dzina lace licokera ku phiri la Chiperone m'Mozambique. Ciperoni cikhoza kukuta phiri m'kanthawi kocepa, nicikhala masiku awiri kapena atatu, ndipo munthu saona mnzace woima mapazi khumi patsogolo.

Malaya onyowa ndi thukuta kapena mvula, pamodzi ndi mphepo, acotsa kutentha kwa thupi msanga. Wogwidwa ndi cisanu cotere ayamba kunjenjemera, kenaka apunthwa punthwa, lilime lace lilemera, nayankha zosagwirizana ndi funso. Iye mwini sazindikira kuti ali pangozi, ndipo anzace ndiwo ayenera kuona. Amcotse pamphepo, ambvule zonyowa, ambveke zouma ndi kumfunda, nampatse cakumwa cofunda ca shuga ngati akhoza kumeza. Mowa asampatse, popeza uturutsa kutentha kotsalako.

Mu July 2009 mlendo wina wa ku Brazil, mnyamata wa zaka 28, wophunzira kwambiri ndi wozolowera maulendo, anafuna kukwera Sapitwa mofulumira. Anasiya womtsogolera m'munsi mwa nsonga, napitirira yekha ndi zobvala zopepuka. Nyengo inasintha, iye nasokera. Mtembo wace unapezeka patapita masabata oposa awiri, ndipo kunadziwika kuti anafa ndi cisanu. Mphamvu anali nayo yokwanira. Cimene anasowa ndico mnzace, cobvala cofunda ndi ora lobwerera. Kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu.

Wotsogolera wa kumaloko afunika pa cifukwa cinanso. Namondwe Freddy wa mu March 2023 anadzetsa napolo amene anagumula mbali zina za phirili, ndipo njira imene munthu anaidziwa kale ikhoza kukhala itasintha. M'dzinja mitsinje ya m'phiri idzala mwadzidzidzi, ndipo wopeza mtsinje utadzala adikire, asaoloke.

7. Kutsika

Ambiri aganiza kuti akafika pamwamba nchito yatha, koma kugwa kwambiri kucitika potsika, miyendo itatopa ndi mtima uli kale kunyumba. Potsika minofu ya m'nchafu igwira nchito yoletsa thupi kuti lisathamange, monga ng'ombe ziletsa ngolo yolemera pamtsetse. Nchito iyi sicititsa befu, koma ilemetsa maondo kwambiri. Wotsika afupikitse mapazi, apinde maondo pang'ono, atsogoze ndodo, ndipo asathamange kapena kulumpha. Zingwe za nsapato zimangidwenso kolimba kuti zala zisagunde kutsogolo. Pamtsetse wa miyala yosakhazikika anthu asalondolane pafupi, ndipo wogubuduza mwala apfuule msanga kucenjeza a m'munsi.

Kuwawa kwa nchafu kumene kufika m'mawa mwace, nikukula tsiku laciwiri, kucokera ku kutsika kumeneku. Si nthenda ai. Kutha kokha m'masiku atatu kapena asanu, ndipo ulendo waciwiri suwawa ngati woyamba. Kuyenda pang'ono pacidikha kuthandiza kuposa kugona pamphasa. Koma bondo kapena kakolo wotupa, wosalola munthu kuponda, aonetsedwe kucipatala.

8. Mapiri a pafupi ndi mudzi

Caka ndi caka ku Likhubula kucitika mpikisano wa liwiro wochedwa Porters Race, wa makilomita oposa 20, wokwera phiri ndi kutsikanso, ndipo opambana autsiriza maora atatu asanakwane. Ambiri a iwo ndi anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa phiri, amene akwera njira zomwezo ndi katundu zaka zambiri. Mphamvu yao inadza ndi kubwereza, ndipo njira imeneyo iri yotseguka kwa munthu ali yense wokhala pafupi ndi citunda.

Owerenga ambiri sadzafika ku Mulanje, ndipo sikufunika kuti afikeko. Anthu a ku Chipata ali ndi Kanjala ndi mapiri ena ozinga mzinda wao, a ku Katete ali ndi Mphangwe, ndipo midzi yambiri ya kum'mawa iri ndi kaphiri kace. Citunda ca mamita 200 cikakweredwa kasanu cilingana ndi cikweza ca ku Chambe. Woyamba atsate dongosolo ili:

Sabata 1 ndi 2: kuyenda mofulumira pacidikha mphindi 30, masiku asanu pa sabata.

Sabata 3 ndi 4: cimodzimodzi, koma masiku awiri akhale a pacitunda, mphindi 45.

Sabata 5 ndi 6: tsiku limodzi pa sabata likhale la maora awiri kapena atatu paphiri, atabereka thumba la madzi ndi kamba.

Sabata 7: ulendo wa maora anai. Sabata 8: kuyenda pang'ono masiku oyamba, kupumula masiku awiri, ndipo pamenepo tsiku lathunthu la paphiri.

Litapita tsiku lalikurulo, abwerere ku muyeso wa sabata 3 ndi 4, naukhalitse caka conse. Wofuna kuona phindu lace awerenge kugunda kwa mtima pamkono m'mamawa asanadzuke, mphindi imodzi yathunthu, nalembe m'buku sabata yoyamba ndi yotsiriza.

Miyezi yabwino ndiyo May kufikira August. Mu September ndi October kutentha kucuruka, ndipo ulendo uyambe mbanda kuca nuthe 10 koloko isanakwane. M'dzinja wakumva bingu atsike pansonga msanga, asabisale pansi pa mtengo woima wokha. Udzu ukauma, asakwere phiri limene moto uli m'munsi mwace, pakuti moto ukwera phiri mofulumira kuposa munthu, ndipo iye mwini asasonkhe moto kuthengo. Mphiri ikonda kugona panjira yosasuntha, cifukwa cace maso akhale pansi, ndi dzanja lisalowe m'ming'alu ya miyala. Mlendo ayambe waonekera kwa mfumu ya mudzi, popeza mapiri ena ali ndi manda kapena malo oletsedwa, ndipo ena asungidwa ndi a za nkhalango. Safunsa anadya phula. Kunyumba kutsale munthu wodziwa njira imene gulu latenga ndi ora limene liyenera kubwera.

9. Oyenera kuyamba apita kucipatala

Ena asayambe dongosolo ili asanapimidwe: wodwala mtima, wa BP yokwera, wa matenda a shuga, wotupa mapazi, wosowa mwazi, wocira kumene malungo, mai wapakati, ndi munthu wacikulire amene wakhala zaka zambiri wosagwira nchito yolimba. Ambiri a iwo adzalangizidwa kuyenda ndithu, koma ndi muyeso woyenera iwo. Wakumwa mankhwala a shuga anyamule shuga kapena switi m'thumba, nauze anzace za nthenda yace.

Paphiri pomwepo, wakumva kuwawa kapena kulemera m'cifuwa, kuwawa kotsikira kudzanja kapena kukwera kunsagwada, cizungulire, kapena befu losatha ngakhale wapumula, aleke pomwepo. Anzace atumize mau m'munsi, namfikitse kucipatala tsiku lomwelo. Manyazi a kubwerera pamaso pa anzace asamcititse kubisa zizindikiro zimenezi.

Mafunso a kukambirana

1. Chulani njira zinai zimene thupi lisinthira ndi kukwera phiri. Nanga kusinthako kucitika liti?

2. Njira ina iri ya makilomita 10, ndi cikweza ca mamita 600. Monga mwa lamulo la Naismith, wozolowera adzatha maora angati pokwera? Nanga gulu la osazolowera liwerengere bwanji?

3. Cifukwa ninji ora lobwerera liyenera kupanganidwa anthu asananyamuke?

4. Zizindikiro za munthu wogwidwa ndi cisanu nzotani, ndipo anzace amcitire ciani?

5. Phiri kapena citunda ca pafupi ndi mudzi uno nciti? Ndani adziwa njira zace, ndipo ndani ayenera kufunsidwa cilolezo?

6. Ndani pakati pa akuru a pamudzi amene sanapimitse BP caka cino?